Mpira wa ku Dedza pabwalo la ku Ulongwe

Mpaka lero ndikamapita kumsika wa ku Ulongwe ndi kachewere wanga, ndimazungulira njira yakumtunda kuti ndisadutse pashikola, sukulu ya mwana wanga. Anzanga amayesa ndikuthawa matope, ndipo ine sindiwatsutsa.

Jasinta ndi mwana wanga womaliza, wa zaka khumi ndi chimodzi, wofatsa, wosapemphapempha. Ndiye tsiku lomwe anafika ali wefuwefu n'kunena kuti apurofesora, aphunzitsi awo a masewera, akufuna kusankha atsikana okapikisana ku Tete, ndipo iye akufuna kukhala nawo, ndinadziwa kuti nkhaniyi yamukhala pamtima. Ku Tete sanapondeko chibadwire. Anayenera kusankha chimodzi: kuthamanga, mpira wamiyendo, kapena basikete.

"Basikete ndi uja woponya mumkombero wapamtengo?" ndinafunsa.

"Eya, amayi."

"Basi, mphunzitsi wamupeza. Enawo asiye."

Ine ndinakulira kumsasa wa othawa nkhondo ku Dedza. Za kumeneko zambiri sindikonda kuzikamba, njala, mizere ya ufa, maliro a achimwene anga. Chokhacho chomwe ndimachikumbukira mtima uli myaa ndi mpira wa ntchembere mbaye. Tikalowa m'bwalo ndi ana a Chimalawi tinkaiwala kuti ndife alendo, ndipo ine pogoletsa sindinkaphonya. Titabwerera kuno khasu linalanda zonse. Mikombero ya pashikola ndinkaiona ndithu podutsa, ndi thabwa lake kumbuyo (thabwalo ndinkati anaikira mphepo ya kuno, kuti mpira usamagwere m'chimanga cha eni).

Ndinakhoma mkombero wa njinga yakale pamtengo wa bulugamu kuseri kwa nyumba, sukulu yanga n'kuyamba. Ukawakha mpira, phazi lizike pansi, osayenda nawo. Mnzako akaugwira, osamulanda, ima patali ukweze manja. Phazi lake likangosuntha ndinkaomba m'manja, tiyambirenso. Ndinamuumba mwanayo mpaka ankaima nji ngati chitsa.

Kamodzi kokha anayesa kundichenjeza. "Koma amayi, anzanga amamenyetsa mpira pansi uku akuthamanga nawo."

"Amenewo ndi osaphunzitsidwa. Iwe ukawaonetse."

Anangotola mpira n'kubwerera pamalo pake. (Mwana wofatsa ndi woopsa, abale inu, amakusiya ugwere m'dzenje mwaulemu.)

Tsiku losankha ndinavala kapulana yanga, chitenje cha kutchalitchi, n'kukaima kutsogolo kwa makolo onse. Wezulo italira, mpira unafika kwa Jasinta. Anauwakha bwino, phazi n'kuzika, mutu uli tcheru kufuna wompatsira. Ndisanamalize kunyadira, kamtsikana kena kanangoutsomphola m'manja mwake, liwiro, uku kakuumenyetsa pansi, n'kukagoletsa. Anthu m'manja phwaphwaphwa.

Ndinadikira wezulo. Zii.

"Kuba kumeneko!" ndinakuwa. Makolo ena anatembenuka. Kachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi, ndipo ndinakuwa mokweza. Kachitatu sindikudziwa kuti miyendo inandinyamula bwanji, ndinangozindikira ndili pakati pa bwalo, mpira uli kukhwapa, ndikuwalalikira apurofesora malamulo. Ndinawaonetsa ndi kaimidwe komwe, mwendo umodzi m'mwamba, kapulana ikumasuka. Ndinawafunsa ngati wezuloyo anapatsidwa kuti ikongoletse khosi.

Apurofesorawo, mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, anandidikira ndimalize. Kenako anafunsa chapansipansi, "Mayi, mpira umenewu munauphunzira ku Malawi, eti?"

"Ku Dedza. Ndiye bwanji?"

"Amayi anganso anali komweko, ndi umene amaudziwa. Ndi mpira wabwino, koma ndi wina. Wa kunowu amathamanga nawo, ndipo kulanda n'kololedwa."

Bwalo lonse linaphulika. Bambo wina anachita kukhala pansi ndi phwete. Ine ndinayang'ana kwa Jasinta. Sankaseka, sankalira, anangoima pomwe paja, maso ali pa zala za kumapazi. Ndinabweza mpira ndi manja awiri ngati ndikupereka mbale kwa apongozi, n'kutuluka.

Mayina atatchulidwa, lake panalibe. Apurofesora anati dzanja ali nalo, amaponya molunjika kuposa onse, koma mwana wosayenda ndi mpira sangapite naye ku Tete.

Tinauyamba ulendo wobwerera kunyumba. Mtima unkandiwawa zedi, chifukwa chinthu chimodzi chomwe mwanayu anapemphapo ndinamuphwanyira ndine, mayi wake. Titafika pamlatho ndinalimba mtima.

"Iwe Jasinta, unkadziwa kuti ndikukusocheretsa. Bwanji m'bwalo muja sunangochita monga anzako?"

"Munaima kutsogolo, amayi. Ndikanathamanga nawo mukanaona ngati ndakunyozani pagulu. Komanso kuseri kuja munkaseka. Sindimakuonani mukuseka choncho."

Ndinangomugwira dzanja, ndipo sanalichotse.

Tili pafupi ndi kwathu anati chaka chamawa akayesanso, ndipo anzake avomera kumuphunzitsa. "Koma inu mudzatsale kunyumba," anatero, osandiyang'ana.

Ndinavomera, ndipo ndinalumbira ndithu kuti pabwalopo sindidzapondapo. Kungoti mpanda wa kuseri kwa shikolayo uli ndi kampata penapake, ndipo munthu atawerama bwino mkombero umodzi umaoneka wonse.