Nkhope Yachikasu ya Bambo Ezra

Kwa Bwana Mkulu Woona za Chisangalalo cha Ogwira Ntchito,
Kampani yathu ya inshuwalansi ya zipangizo za m'nyumba,
Malaga, Perth.

Wolemekezeka Bwana,

Mundikhululukire kuti munthu wongoyankha foni ngati ine ndikulembera munthu wamkulu ngati inu. Ndine Felesta Lamson wa ku gulu la makleimu, aja timakhala ndi mahedifoni kumutu n'kumauza anthu a mu Perth muno kuti giza yawo yotenthetsera madzi, firiji yawo kapena eyakoni yawo yoziziritsira m'nyumba sitingawakonzetsere chifukwa inangotha yokha ndi ukalamba. Ndalemba m'Chichewa poti Chingerezi changa chinazolowera ntchito ziwiri zokha, kukana kleimu ndi kunena kuti ndili bwino. Ndikukhulupirira kuti wina wachifundo akumasulirani.

Nkhani yanga ndi ya Bambo Ezra, mnzathu wa m'gulu, amene mwawaitana Lachisanu likubwerali kuti mukakambirane ngati akugwirizanabe ndi chikhalidwe cha kampani. Kontrakiti yawo ikutha mwezi uno, ndiye tonse tamva kumene kukulowera kukambiranako. Koma kwathu munthu sayamba ndi dandaulo, choncho ndiloleni ndiyambe ndathokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha nkhope zitatu zija. Mliri utafika n'kutibalalitsira m'makomo mwathu ndi makompyuta a kampani, inu simunatiiwale. M'mawa uliwonse kompyuta isanatilole kuyamba ntchito imatifunsa kuti tili bwanji, n'kutionetsa nkhope yobiriwira yoseka, yachikasu yongoti duu, ndi yofiira yokwinya, kuti tidinepo imodzi. Zinatikhudza kwambiri. Ambirife m'gululi ndife Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, ndipo sitinazolowere bwana wopereka moni tsiku ndi tsiku. Tinayankha monga anthu oleredwa bwino: tonse tinadina yobiriwira.

Mwina apa ndifotokoze pang'ono, Bwana, osati kukuphunzitsani ayi. Kwathu wamkulu akakufunsa kuti uli bwanji, umayankha kuti uli bwino, ngakhale uli pabedi la kuchipatala dilipi ili pamkono. Umenewo ndi moni chabe. Nkhani yeniyeni imabwera pambuyo, akakupatsa mpando n'kufunsanso kachiwiri kuti, nanga kunyumba mwasiyako bwanji? Ndiye ife tinkadina yobiriwira n'kudikira funso lachiwiri. Chimene chinkabwera ndi kasitomala wa ku Joondalup amene chimbudzi chake chasefukira. Tinkangoti abwana atanganidwa, abweranso. Mnzathu Chilekwa wa ku Lusaka anandiuza kuti, “Iwe Felesta, aba bantu bafunsa chabe, sibafuna kumvela. Tinika gilini tiyambe nchito.” Ndinamudzudzula kwambiri chifukwa cha kusayamika kwake.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha chikho chija cha gulu losangalala kuposa onse pakampani. Tinachiona pachithunzi, n'chokongola. Ndikuyamikiranso nzeru zanu poona kuti anthu osangalala chonchi safunika owathandiza, moti anzathu amene anasiya ntchito simunawalowetsere ena, ndipo makasitomala olusa kwambiri munayamba kuwatumiza kwa ife. Nthawi yotentha ija ndinkagwira ntchito kuchipinda kwanga ku Maddington, thaulo lonyowa lili m'khosi, eyakoni yanga itafa, ndikufotokozera anthu modekha chifukwa chimene yawo sitingawakonzetsere. Ndinkadina yobiriwira.

Chachitatu ndi kapu imene munawatumizira Bambo Ezra, ndipo apa ndichedwapo.

Bambo Ezra inu mumawadziwa pachithunzi chimene chili patsamba la kampani, aja akumwetulira atavala tayi. Tayiyo amavala ngakhale akugwirira ntchito pathebulo lodyera kwawo. Kumudzi anali mphunzitsi, ndipo pafoni amalankhula ndi kasitomala wotukwana ngati akulankhula ndi mwana amene wagwa n'kusupuka bondo. Akazi awo, Mayi Atusaye, anapita ku Karonga kukaona mwana wawo amene anali atangochira kumene. Anati sakachedwa. Ali komweko malire anatsekedwa. Chaka chotsatira mliri unakula kwathu, mayiwo anadwala, ndipo sanachire.

Tsiku la maliro Bambo Ezra anadzuka, anamanga tayi, anadina yobiriwira. Mwambo wa kutchalitchi anauonera pafoni yawo ataitsamiritsa pakompyuta yanu, poti pamene mwambowo unkachitika kwathu, kuno inali ikadali nthawi ya ntchito. Bokosi likutuluka m'tchalitchi, anali akuthandiza mayi wina amene makina ake otsukira mbale ankasiya madontho pamatambula. Foni imene anaimba mayiyo inajambulidwa, monga zimajambulidwira zonse, ndipo mpaka lero mumaigwiritsa ntchito pophunzitsa antchito atsopano kulankhula ndi mawu odekha. Ndinaimvetsera. Ndi odekhadi.

Kapu yanu inafika sabata yomweyo, yolembedwa kuti wantchito wosangalala kuposa onse. Inatithandiza kwambiri, chifukwa ife amene tinapita kukakhala nawo pachisonicho, monga mmene malamulo a mliri ankalolera, tinapeza makapu atiperewera. Abusa ndi amene anamwera tiyi m'menemo.

Mudzanena kuti iwo sanakuuzeni. N'zoona. Nditawafunsa chifukwa chake anandiyankha kuti, “Mwana wanga, munthu wangondipatsa moni ali chiimire, ndimuthire maliro kumaso? Akakhala pansi ndimuuza.” Akudikirabe kuti mukhale pansi.

Tsopano mlandu wawo. Chaka chino abale kumudzi anakonza zomanga chiliza, ndipo Bambo Ezra anali ndi chiyembekezo choti akaona manda a akazi awo koyamba. Anali atagula kale maluwa apulasitiki, aja osafota, n'kuwaika m'sutikesi. Kenako tinamva kuti tsiku lotsegulira malire lasunthidwa. M'mawa wotsatira kompyuta inawafunsa kuti ali bwanji, ndipo iwo anadina yachikasu. Sanadine yofiira, poti kumeneko kukanakhala kukutukwanani. Anadina yachikasu, kamodzi kokha, n'kuyamba ntchito.

Ndikuyamikira changu chanu, Bwana. Chimene maliro analephera kuchita, nkhope yachikasu inachichita tsiku lomwelo. Woyang'anira gulu lathu, a Brown, anawatumizira vidiyo yophunzitsa kupuma mpweya. Bambo Ezra ndi munthu womvera, anaionera mpaka kumapeto, ndipo ndikutsimikizireni kuti tsopano akupuma bwino. Kenako chikho chinapita ku gulu la ogulitsa, a Brown anatiuza pamsonkhano kuti chisangalalo ndi udindo wa aliyense, ndipo Bambo Ezra analandira uthenga wowaitanira kwa inu Lachisanu. Anapepesa kwa tonsefe mmodzimmodzi chifukwa chotitayitsa chikho. Apa ndiye ndinakwiya, Bwana, ndipo ndikadali wokwiya. M'mawa uno ndadina yobiriwira.

Sindikupempha kuti muwasunge pantchito. Ndine yani ine? Ndikungopempha kuti muwachitire zimene kampani imachitira giza. Kasitomala akatiimbira kuti giza yake ikudontha, sitikana kleimu nthawi yomweyo. Timatumiza mmisiri, amapita kunyumbako, amagwada, amatsegula, amagwiragwira, amafunsa kuti inayamba liti kudontha ndipo chinachitika n'chiyani. Akatero m'pamene timalemba kuti yatha ndi ukalamba. Giza imene yatumikira nyumba mokhulupirika timaipatsa ulemu umenewo, ndipo ine ndimanyadira kugwira ntchito pakampani yolemekeza magiza. Bambo Ezra adontha kamodzi kokha.

Choncho Lachisanu, ngati sikukuvutitsani, muwapatse mpando, nanunso mukhale pansi. Muwafunse kuti ali bwanji. Adzati ali bwino. Musalembe chilichonse. Mufunsenso kachiwiri kuti, nanga kunyumba kuli bwanji? Ndiye mudikire, chifukwa yankho lake lakhala nthawi yaitali ndipo silituluka mothamanga. Mukamva zonse n'kuona kuti munthuyo wangotha yekha ndi ukalamba, mudzachite monga mwa malamulo. Mawu ake okanira ndimawadziwa pamtima, nditha kukubwerekani.

Kanthu kena kakang'ono. Lachisanu m'mawa mukatsegula kompyuta yanu mudzaona kuti gulu lonse la makleimu lasanduka lachikasu, ngakhale Chilekwa amene amati simufuna kumva. Musavutike kuitana okonza makompyuta, makina ali bwinobwino. Tangoganiza zowaperekeza Bambo Ezra, poti kwathu munthu wachisoni sayenda yekha. Ndiye ngati aliyense wodina yachikasu amaitanidwa kukakambirana za chikhalidwe cha kampani, ndapota nanu, muuze a Brown akonzeretu mipando yokwanira. Makapu musadandaule, tibwera ndi kapu ija.

Pomaliza, kompyuta yanu ilibe batani lobwezera moni, moti nthawi yonseyi takhala tikuoneka ngati anthu amwano. Ndiloleni ndibweze pano. Ife kuno tili bwino, Bwana. Kaya inu?

Ine wantchito wanu wosangalala mpaka Lachinayi,

Felesta Lamson
Gulu la Makleimu
Maddington