Mayi Chepetsa a ku Zingwangwa

Mukafika ku Zingwangwa n'kufunsa kwa Mayi Mildred Nakoma, anthu azingoyang'anizana. Koma tanenani kuti mukufuna kwa Mayi Chepetsa, ngakhale wootcha chimanga pasiteji asiya mbaula yake kuti akulozereni, kenako akumbukira n'kutsitsa dzanja. Dzinali anadzipalira okha, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Ukawapatsa moni wautali, wofunsa ana, adzukulu ndi nkhuku zomwe, ankakudula: "Chepetsa." Paukwati wa mwana wa mlongo wawo, mkulu wina atayamba malangizo ake kuchokera pa Adamu ndi Hava, iwo anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Bambo, chepetsani, mpunga ukuzizira." Holo yonse inawomba m'manja, mkulu uja n'kuyesa akuwombera iyeyo.

Mayiwa anali mphunzitsi wa ku yunivesite, wa maphunziro a zofalitsa nkhani ndi mauthenga. Atapuma pantchito, anzawo anakamanga nyumba za mipanda italiitali ku Namiwawa, koma iwo anabwerera m'nyumba ya malemu bambo awo kuseri kwa msika. "Ndikakhale koti olankhula ndi agalu okha?" ankatero. "Moyo wanga wonse ndaphunzitsa za kulankhulana kwa anthu. Anthuwo ali kuno."

Ndiye ophunzira a chaka chomaliza anawatsatira konko. Mukudziwa kuti ku yunivesite digiri suigwira usanalembe dizeteshoni, buku lako la kafukufuku, n'kukaliikira kumbuyo pamaso pa aphunzitsi. Nyengo imeneyo ikafika, khonde la Mayi Chepetsa linkadzaza ngati pachipatala Lolemba. Ine Brenda ndinkaona zonse, chifukwa nyumba yathu ndi yoyang'anizana ndi yawo, ndipo nthawi yanga itakwana nanenso ndinakhala pabenchi pomwepo.

Sindidzaiwala tsiku lomwe kunabwera Eddie wa ku Bangwe, atatchena jekete dzuwa likuswa mtengo.

"Mutu wa kafukufuku wako ndi wotani, mwanawe?"

"Mmene intaneti yasinthira achinyamata a mu Africa, Madamu."

"Africa yense?"

"Yense, Madamu."

"Ku Egypt unafikako?"

"Ayi."

"Nanga ku Mwanza kuno?"

"Ndinangodutsako pabasi."

"Chepetsa."

"A m'Malawi muno."

"Chepetsa."

"A mu Blantyre."

"Chepetsa."

"Madamu, ndiyetu nditsala ndekha!"

"Ukanatsala wekha bwenzi zili bwino, wekha umadzidziwa. Achinyamata ake ati? Yawasintha pati, kumutu kapena kuphazi? Vula jeketeyo, uganize."

Eddie anavula jekete, anavula tayi, ndipo pomwe ankachoka anali atatsala ndi anyamata a kabaza a pasiteji imodzi ku Bangwe ndi gulu lawo la pafoni lomwe amauzirana komwe kuli makasitomala. Anapita akung'ung'udza kuti amuchotsera kontinenti yonse n'kumupatsa njinga zamoto. Koma ndi iyeyo amene anayamba kumaliza m'kalasi mwawo.

Chinthu china chomwe sankachilekerera ndi nkhani yopanda gwero. Kwa ophunzira zinali zomveka, poti m'buku lotere mfundo iliyonse uyenera kunena komwe waitenga. Vuto linali lakuti lamuloli ankapita nalo kumsika. Mayi wina akangowanong'oneza kuti, "Mwamva? Akuti mkazi wa telala uja wathawa," iwo ankaika dengu pansi.

"Akuti ndani?"

"Anthu."

"Anthu ake ati? Anaona okha kapena anamva? Mwamufunsa mwini wake?"

Miseche inkafera m'manja mwawo ngati nkhuku ya chitopa. Zinafika poti azimayi a tomato akawaona akubwera ankauzana kuti, "Tontholani, kukubwera mayeso."

Ine chomwe anandigwira nacho chinali chaputala chachiwiri, muja umafotokoza zomwe ena analemba kale pankhani yako. Ndinaunjikamo aliyense amene ndinamupeza mulaibulale: uyu anati, uyo anati, winanso anati. Anawerenga akusenda mbatata, n'kundibwezera mapepala ali ndi zidindo za zala.

"Brenda, awa si maliro oti aliyense alankhulepo. Anthu ako onsewa alankhula, chabwino. Akugwirizana pati? Akukangana pati? Nanga chomwe onse aiwala n'chiyani? Pomwe aiwalapo ndi pomwe pali mpando wako."

Ndinalira pang'ono kuseri kwa bafa lathu, koma chaputalacho ndinachilembanso, ndipo kanali koyamba kumva kuti bukulo ndi langa.

Koma amene anaona zakuda ndi Steve. Iyeyu anayenera kukafunsa anthu a ku Machinjiri za mapulogalamu a pawailesi omwe amakonda. Ataona kutalika kwake, anakhala pansi pa mtengo wa mango kwawo ku Chilomoni n'kuyankha yekha mapepala onse a mafunso. Anabwera nawo ataunjika bwinobwino, nkhope ili gwa.

Mayi Chepetsa anavala magalasi, n'kumatembenuza pepala limodzilimodzi.

"Koma anthu a ku Machinjiri ndi okondana," anatero. "Taona, onse cholembera chimodzi. Chikuyamba kutha inki pa bambo awa, chikutheratu pa mayi awa. Ndipo agogo awa a zaka makumi asanu ndi awiri akuti amakonda nyimbo za achinyamata zodumpha nazo. Amenewa ndiye ndikufuna ndikawaone. Dikira nditenge chitenje."

Steve anayesa kuti ndi nthabwala. Koma mayi aja anatulukadi, ndodo m'manja, n'kumugwira pamkono mpaka pasiteji. Kondakitala atafuula kuti "Tauni! Tauni!" iwo anali ataponda kale pakhomo la minibasi. Apo ndi pomwe Steve anagwada pafumbi, anthu onse akuona.

"Madamu, agogowo kulibe."

"Amwalira?"

"Sanabadwe, Madamu."

Sanamukalipire. Anangomuuza kuti minibasi ija akwerebe, ndipo asabwerenso pakhonde pawo nsapato zake zisanadetsedwe ndi dothi la ku Machinjiri. Lero Steve ndi mtolankhani, ndipo anzake amadandaula kuti salemba nkhani asanakafike pamalo.

Tinkawaseka, tinkawaopa, ndipo tinkaganiza kuti tikuwadziwa. Kenako kunabwera namondwe wa Freddy.

Pagulu la chaka chimenecho panali Precious, mtsikana wofatsa wa ku Manje, amene buku lake linali litatsala pang'ono kutha. Matope otsika m'phiri anatenga nyumba yawo, laputopu yomwe munali ntchito yake yonse, ndiponso mng'ono wake. Precious sanaonekenso pakhonde. Mvula itangokata, Mayi Chepetsa anabwera kudzagogoda kwathu.

"Brenda, vala nsapato zolimba. Undiperekeze."

Mawondo awo anali ovuta kale, koma anakwera mtunda wa ku Manje wapansi, akuterereka, akundigwira paphewa, osadandaula ngakhale kamodzi. Tinamupeza Precious pamsasa, m'kalasi momwe anthu ankagona, atakhala pakona atafunda chitenje cha eni.

"Sukulu ndasiya, Madamu," anatero asanapatsidwe n'komwe moni. "Musavutike nane."

Mayi aja anakhala pansi pasimenti, chinthu chomwe mawondo awo sankalola, n'kumugwira dzanja.

"Za sukulu sindinabwerere. Undiuze zomwe zinachitika. Unene zonse, mwana wanga, usasiye kanthu."

Precious analankhula mpaka dzuwa linapendeka. Ankabwereza, ankasokoneza, ankalira n'kuyambiranso, ndipo mayi amene sankapirira ngakhale moni wautali sanamudule mawu ndi amodzi omwe. Titanyamuka anamutenga, iye ndi mayi ake, n'kukawapatsa chipinda kwawo.

Panapita masabata osatchula za buku. Tsiku lina akusankha nyemba pakhonde, Precious anangoti, "Komatu tinamva kuti kukubwera chimvula. Pafoni zinkayenda, pawailesi ankanena. Nanga bwanji tinangokhala?"

Mayi Chepetsa anasiya nyemba. "Limenelo ndi funso," anatero motsitsa. "Ngati ungalipirire, ndi lako. Ngati sungathe, palibe angakunene."

Precious analipirira. Anapempha ku yunivesite kuti ayambirenso, anamulola. Anabwerera ku Manje kukakhala pansi ndi anthu akwawo, kuwafunsa kuti uthenga wochenjeza unawafika bwanji, anaumva motani, ndipo n'chiyani chikanawachititsa kunyamuka. Masiku ena ankabwerako osatha kulemba ngakhale mzere umodzi, mayi aja n'kungomuikira tiyi. Tsiku lokaikira kumbuyo buku lake, akuti atamaliza kulankhula mphunzitsi wina m'chipindamo anavula magalasi n'kumapukuta m'maso. Patsiku lolandira digiri, Mayi Chepetsa analanda chipewa cha Precious, n'kuvina nacho pamsewu wa kumsika, ndodo ili m'mwamba, azimayi a tomato akululutira.

Chaka chotsatira, nyengo yozizira, anadwala. Ngakhale kuchipatala sanasinthe. Anamwino analetsa ophunzira kubwera ndi mapepala, ndiye machaputala ankalowa m'wodi atabisidwa pansi pa nthochi m'basiketi ya chakudya, n'kutuluka atalembedwalembedwa ndi inki yofiira, zilembo zikunjenjemera. Ana awo akawadandaulira ankati, "Mwanayu akulowa mayeso mwezi wamawa. Ine ndilibe kopita." Koma anali nako. Anatisiya Loweruka lina m'mawa, ndipo pamaliro pawo panabwera anthu omwe timangowamva mawu pawailesi, atakhala pamphasa limodzi ndi ogulitsa makala.

Nyumba ija pano muli alendi. Khonde analitseka ndi malata n'kutsegulapo kashopu ka zikwama za mafoni. Msika ukusokosa monga kale, maminibasi akulimbirana anthu monga kale, koma kanjira kathu kanangozizira. Miyezi yomwe kale tinkadzutsidwa ndi mikangano ya achinyamata odikira pabenchi, pano timangomva wailesi ya mushopumo.

Mwezi wathawu ndikuchokera kuntchito ndinapeza mtsikana ataima pakhomopo, atakumbatira envelopu yaikulu pachifuwa. Anati wachokera ku Ndirande, ndipo mchimwene wake, amene anamaliza kalekale n'kupita kunja, anamuuza kuti akafika chaka chomaliza adzafunefune mayi ena ku Zingwangwa.

Ndinamuuza kuti mayi aja anatisiya. Anayang'ana malata aja, anayang'ana envelopu yake.

"Nanga ndipite kwa ndani, asisi?"

Ndinangotsegula geti lathu, n'kulowa m'nyumba kukatulutsa mipando iwiri.