Bwato la a Goodman Kaliati

Ku Phalombe kuno ukatchula malemu a Goodman Kaliati, anthu amayamba aseka, kenako n'kufunsa za ng'ombe zoyenda chambuyo. Bambowa anali mlimi wa mpunga, kusambira sankakudziwa n'komwe, koma anakhoma bwato lathanga nalikhazika pangolo zaka khumi zathunthu.

Gwero lake ankalidziwa ndi akazi awo, a Alesi. Powafunsira mbeta, a Goodman analonjeza kudzawaolotsa nyanja ya Chilwa ndi mphepo yokha, kuti akaone phiri la ku Mozambique kumene kunabadwira mayi a Alesiwo. Thanga analisoka a Alesi omwewo ndi matumba a feteleza, ndipo posoka ankaliona phirilo m'maso mwawo, likuyandama pamwamba pa madzi.

Vuto linali kutsitsa bwato. A Goodman anamva kwa dalaivala wina kuti bwato lenileni limalowa m'nyanja ngolo ikubwerera chambuyo. Tsono ankati akafika padooko n'kutembenuza ngolo, mfuu inkamveka mpaka ku Jenala.

"Livesi, Jombo! Livesi!"

Ng'ombe zawo ziwiri, Jombo ndi inzake, zinkangowayang'ana, uku zikubzikula.

"Bambo, bwanji tingolinyamula?" ankatero asodzi. "Tilipo ambiri."

"Bwato langa si maliro ayi."

Anaziphunzitsa ng'ombezo zaka zitatu, kuzinyengerera ndi madeya ndi mchere. Zitadziwa bwino, mvula inakana, nyanja n'kuphwa. Anayenda chambuyo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, pamatope ong'aluka okhaokha.

"Nyanjanso yaphunzira livesi," anatero a Alesi ali khale m'bwato, ambulera ili m'manja.

"Ibwera, mayi. Yangopita kukatikonzera njira."

Inabweradi, koma inapeza a Goodman atagona kumanda miyezi inayi. A Alesi anamanga ng'ombe okha, napita kudooko. Asodzi anavula zipewa, palibe anaseka.

"Livesi, Jombo," anatero chapansipansi.

Ngolo inabwerera bwinobwino, madzi n'kulinyamula bwato mwaulemu, thanga n'kufufuma. Msodzi mmodzi anakhala pachiwongolero, pamalo pa mwini wake. Phiri lija a Alesi analiona, koma akuti linali losaoneka bwino chifukwa cha misozi.

Masiku ano njira yakudooko ili zii, ndipo a Goodman tonse timawasowa. Koma madzulo alionse ng'ombe ziwiri zija zikafika pakhola zimatembenuka zokha n'kulowa chambuyo, popanda wozilamula.