Mamega Anga a Mumtsuko

Anzanga, ine kuyanika usipa kuno ku Meluluca ndinayamba ena mwa inu musanamere mano. Koma masiku ano ogula a ku Lichinga satumiza galimoto asanaone chithunzi cha nsomba pa telefoni. Mlamu wanga Saide, munthu amene kumanga thandala loyanikapo nsomba ndinamuphunzitsa ndine, anayamba kundilanda makasitomala chifukwa cha kanthu kameneka. Zinandiwawa kwabasi.

Nyengo ya usipa itatha ndinagawa phindu langa patatu: telefoni, painelo ya dzuwa yotchajira, ndi mamega, aja amati ndiwo amanyamula zithunzi. Mkazi wanga anati, "Bambo, nanga denga?" Ndinati denga lidikire mayi, ife tikulowa chitukuko.

Ku Metangula ndinagula zonse, ndipo mamega ndinagula ambiri oti andikwanire chaka chathunthu tsiku lomwelo. Nanga mchere sititero? Ukapeza ndalama umanyamula thumba lonse. Mayi wa pa sitolopo anati, "Agogo, taimani ndikufotokozereni." Ndinamudula. "Mama, ine ndinakhalako ku Malawi nthawi ya nkhondo, zinthu ndaziona. Ingothirani."

Nditafika kunyumba ndinaizimitsa telefoniyo kuti mamega asamadonthe, ndinaikulunga m'nsalu, n'kuiika mumtsuko momwe timasungira mbewu, pakamwa n'kumata bwinobwino. Ndinkati ndikadutsa pa Saide ali kalikiliki kudinadina yake, mumtima ndimvekere, wononga mwanawe, wononga, ife tikusunga.

Miyezi inapita, usipa unabwerera, mathandala anga anadzaza. Ndinaitana anthu pagombe kuti adzaone madala akutumiza chithunzi. Ndinajambula, ndinadina, phee! Ndinakweza dzanja m'mwamba, phee! Ndinakwera pachulu ndi mawondo angawa, anthu ali pambuyo ngati ndanyamula mkwatibwi. Saide anaisuzumira telefoniyo n'kuti, "Alamu, mulibemo kanthu umu."

Mulibemo bwanji? Ndinathamangira kunyumba kukamuzazira mkazi wanga kuti anatsegula mtsuko. Ndinapendeketsa mtsukowo kufuna anankafumbwe, inde ine, ndi imvi zangazi!

Kutacha ndinabwerera ku Metangula ndi ndodo. Mayi wa pa sitolo uja anaseka mpaka kugwira khoma. "Agogo, mamega amatha pakatha mwezi, mugwiritse musagwiritse. Ndi zimene ndinkafuna kukuuzani."

Ndinakhala pansi. Ukali unatha, chinatsala ndi kudabwa. "Tsono akatha amapita kuti? Amawola? Fungo lake lili kuti? Kapena alipo amene amadya otsalawo?" Anati sakudziwa. Mpaka lero palibe wandiyankha. Usipa ukaonongeka umauona, ukhoza kupatsa nkhuku. Katundu wanji amene amaonongeka osasiya ndi gaga yemwe?

Usipa sukanadikira. Ndinapita kwa Saide chipewa chili m'manja, ananditumizira zithunzi pa telefoni yake, galimoto inabwera, iye n'kudzitapira chidebe chodzaza ngati cha zikomo. Akuti poti ndife apachibale.

Mvula itayamba denga linadontha pamene pali mphasa yathu. Mkazi wanga anatenga mtsuko uja n'kuutchera pamenepo. "Uwu ndi wa madzi, bambo," anatero. "Madziwo ndiye amasungika."

Ndalapa. Mamega tsopano ndimagula ngati matimati, a lero lokha, ndipo mayi wa ku Metangula akatsegula pakamwa ine ndimatseka panga.