Ankhoswe a Tadala ndi Mavoti a ku Amereka

Lolemba, 2 Novembala 2020

Chinkhoswe cha mwana wanga Tadala chili Loweruka, kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Girrawheen, kutsidya kwa nyanja. Mtima suli m'malo.

Malire ndi otseka chifukwa cha mliriwu. Achimwene anga, amalume ake enieni a mwanayu, ali ku Dedza, adzaonera pafoni. Ndiye ankhoswe ndi obwereka. Mbali yathu a Phiri, mkulu wa mpingo. Mbali ya Yamikani, mnyamata wa Tadala, a Gondwe, oyeza miyala kumigodi.

Vuto ndi Amereka, kuli chisankho mawa. A Phiri ali kumbuyo kwa Watsitsi, pulezidenti amene alipoyu, ati ndi wodzozedwa. A Gondwe ali kumbuyo kwa Mdala, wopikisana naye. Onse awiri alibe voti kumeneko. Sanapondeko n'komwe.

Pulani yanga:
- Asaonane mpaka Lachinayi, tsiku lokonza mwambo.
- Zotsatira zituluke Lachitatu, wogonja alire tsiku lonse.
- Lachinayi akhale atapola.
- Loweruka apatsane nkhuku ngati anthu akuluakulu.

Kumeneko amawerenga ndi makina. Sangachedwe.

Lachiwiri, 3 Novembala

Shifiti ya m'mawa kushopu ku Cannington. Foni ikungonjenjemera m'thumba. Ndi gulu la chinkhoswe.

A Phiri atumiza kanema wa mneneri wina amene walota Watsitsi atakwera hatchi yoyera. A Gondwe ayankha ndi chithunzi cha mizeremizere, ina yokwera ina yotsika. Wamvetsa ndi iwo okha.

Ndikulemba kuti, "Chonde makolo, gulu lino ndi la ana." Onse awiri ayankha kuti, "Zoona mayi." Kenako apitiriza.

Zotsala mbali yathu: lichero lobwereka, zitenje zofunditsa atsikana, thadzi wowotcha. Mbali yawo: tambala, nkhwangwa, khasu. Yamikani amagwira ntchito pakompyuta, khasu analiona pachithunzi. Zilibe kanthu, mwambo ndi mwambo.

Lachitatu, 4 Novembala

Nthawi yopuma tonse tili pa kanema wa m'chipinda chodyera. Mapu afiira mbali yaikulu. Kufiira ndiye Watsitsi. Chabwino, alire ndi a Gondwe, ndi munthu wa sukulu, sachedwa kupola.

A Phiri akuimba foni: "Mayi, mwaona dzanja la Mulungu?" Ine ndikuona kasitomala akudikira.

Madzulo zasokonekera. Watsitsi akuti wapambana kale, asiye kuwerenga. Mdala akuti dikirani. A Gondwe pagulu: "Mavoti a papositi sanatsegulidwe." Palibe wagonja, ndiye palibe akulira. Tsiku lolira lapita pachabe!

Maganizo anga, poti palibe wandifunsa: madala awiri oyenera kukhala pakhonde n'kumasewera ndi zidzukulu akulimbirana mpando, ndipo amene sakugona ndine. Paja mayiko amenewa amatitumizira anthu odzayang'anira mmene timawerengera mavoti. Iwowo awayang'anire ndani?

Lachinayi, 5 Novembala

Kukumana kwa ankhoswe, pabalaza panga. Kanema ndamuzula kumagetsi, ndamufunditsa nsalu, pamwamba ndaikapo maluwa. Tiyi, mandasi.

Ayamba bwino. Kupatsana moni ndi manja awiri, kufunsana za kumudzi. Mpaka foni ya a Gondwe kulira. Ayang'ana, amwetulira. Koma kumwetulirako!

A Phiri: "Tipeksi ameneyo! Ngati kwathu chaka chatha. Khoti lifafaniza, avotanso."
A Gondwe: "Kwathu tinali ndi umboni, abambo. Inu muli ndi hatchi."

Zimene tagwirizana lero:
- Palibe.

Zimene ndaphunzira:
- Kuli dera lotchedwa Nevada.
- Kumeneko amawerenga ngati akusankha nyemba.

Mandasi atha koma. Mkangano sutseka pakhosi.

Lachisanu, 6 Novembala

Tsoka! A Phiri ayamba kusala kudya. Ati salawa kanthu mpaka choonadi chioneke ku Amereka. Nkhoswe yosala kudya! Nanga mawa? Mwambo wonse wagona pamenepo: iwo apereka thadzi, alandira tambala, aliyense anyema n'kudya pamaso pa anthu, ndiye kuti mabanja amangana. Popanda zimenezo tangosonkhana kudzadya mpunga.

Ndawaimbira achimwene ku Dedza kuti tisinthe munthu. Ati, "Nkhoswe si tayala, achemwali. Ndinawatuma ndine, mawu anga ali mwa iwo." Kenako, motsitsa mawu: "Kodi Pennsylvania yatuluka?" Nawonso!

Tadala wandipeza kukhitchini ndikuthira mchere thadzi. "Mum, can't we just skip the chicken?" Ndamuyankha m'Chichewa, mwautali. Wamva zonse. Maso ake anali ofiira, ndipo si anyezi. Mwanayu anadikira chaka chonse kuti malire atseguke, amalume ake abwere. Anavomera za foni chifukwa cha ine.

Ambuye, ngakhale apambane ndani. Angomaliza.

Loweruka, 7 Novembala

Sanamalize.

Dzuwa lili bwino, anthu abwera, mankhwala osamba m'manja ali pageti. Achimwene tawatsamiritsa pampando wa kutsogolo, foni yatchingidwa ndi botolo. Atsikana alowa atafunda zitenje, Yamikani alozera Tadala osaphonya. Nthungululu! Ndayamba kupuma.

Nthawi ya nkhuku. A Phiri aimirira, thadzi ali m'lichero, milomo yauma gwa. Ati tiyambe tapemphera. Pempherolo ladutsa pa ana mwachangu, lakafika pa mavoti a ku Georgia, lakhazikika kumeneko. Ameni wa anthu ndi wochepa.

Ndikuwanong'oneza kuti angonyema kachidutswa, Mulungu amvetsa. Akuoneka ngati afewa. Dzanja layamba kupita ku tambala. Pamenepo a Gondwe, mokweza, anthu onse akumva: "Idyani ndithu, abambo. Mukadikira khoti, tidzakunyamulani."

Anthu aseka. Ndi kuseka kumeneko komwe kwatipha.

A Phiri atembenuka, adutsa pakati pa mipando, atuluka pageti, alowa m'galimoto. Lichero lili m'manja. Thadzi wapita!

Azakhali ake a Yamikani akuti popanda thadzi iwo sanalandire mkazi. Ndikuti m'khitchini muli nkhuku zina zambiri. Ati si nkhuku, ndi dzanja loperekalo. Achimwene pafoni: "Mwambo sunathe umenewo." Kenako netiweki yaduka, nkhope yawo yauma pagalasi, kukamwa kuli yasa.

Anthu adya, avina pang'ono, apita. Tadala wadzitsekera kuchipinda ndi chitenje chake chatsopano.

Lamulungu, 8 Novembala

Tadzuka n'kumva kuti alengeza. Wapambana ndi Mdala. Kuchedwa ndi tsiku limodzi lokha, anthu osaganizira anzawo.

Kutchalitchi a Phiri ali pabenchi ya kutsogolo, aonda. Ati sizinathe, kuli makhoti. Lichero andibwezera lotsukatsuka. Za thadzi sindinafunse, akuti amene anadya ndi ana awo. A Gondwe abwerera kumgodi Lachiwiri, ndipo akuti sapepesa munthu chifukwa cha masamu.

Masana Tadala watuluka kuchipinda atavala chitenje chija, Yamikani ali pageti ndi jekete. Agwirizana okha. Iye apita kwa a Phiri, mnyamatayo kwa a Gondwe, akawanyengerere kuti mawa akakhale pa tebulo limodzi kumalo odyera ku Northbridge, mafoni atasiya m'galimoto. Akavomera, nkhuku tiwotchanso.

Ankhoswe timawaika kuti ana akayambana akhale ndi kothawira. Kwathu kuno mlandu woyamba wa banjali ndi wa ankhoswe, oweruza ndi ana.

Ndamuuza Tadala kuti akafika agwade, alankhule Chichewa, ndipo asatchule dera lililonse la ku Amereka. Wati, "Chabwino amayi." M'Chichewa.

Anyamuka. Ine ndili ndi mapoto a chinkhoswe chosatha, ndipo satsukika okha.