Tsiku limene ndinabwezera Zambezi ku Lusaka

Amene akuti Zuze ndi wabodza aimirire pompano, achoke pamthunzi wa mlambe uno akaime padzuwa, tione ngati afike pamsika asanapse ngati mlamba wa pamakala. Palibe? Chabwino. Iwe wa tayi, amene anakutumiza kuno kuchokera ku Lusaka mwezi watha, ndakuona ukukwinya mphuno pamene amayi aja amadutsa ndi dengu la nsomba. Usakane, ndakuona. Khala pansi, basi yako sinabwere, ndipo chotsa nsapato yako pachigubu changa chachikasucho.

Ine Zuze, wobadwira pano pa Feira, ndinaubweza mtsinje wa Zambezi ndi nkhafi imodzi, nuyenda chafutambuyo mpaka kukalowa m'mabafa a ku Lusaka. Mukumva? Sindinati Luangwa. Luangwa ndi mwana, ameneyo ndimamutembenuza ndi chidendene ndikamatsuka mapazi. Ndati Zambezi, ndipo ngati ndikunama ng'ona indigwire pakati pa msika masana ano.

Ndili ndi mwana mmodzi, Tereza. Amayi ake anatisiya iye akali wamng'ono, ndinamulera ndekha ndi ukonde. Kwathu kuno mwana akamatuluka m'chikuta sasamba madzi a pachitsime kapena a pampopi. Bambo wake amapalasa bwato kukafika pakati penipeni, pamene Luangwa wofiira amakumana ndi Zambezi wobiriwira, natunga pamzere pomwepo, kuti mwanayo akadzakula asadzasochere kwawo. Madzi a Tereza ndinatunga ndi manja awa, mvuu zitandandalika mbali ziwiri kundipatsa njira.

Anakula, anaphunzira, anapita kukagwira ntchito ku Lusaka, ndipo kumeneko anapeza mnyamata wake, Kelevini. Mnyamatayo ndilibe naye mlandu, ndi wofatsa ngati nkhuku yonyowa. Vuto linali amalume ake, Ba Chileshe, amene anatsogolera gulu lodzafunsira mbeta. Anafika nyengo yotentha ija, pamene nkhuku za kuno zimaikira mazira ophikaphika, natsika m'galimoto atatseka mphuno ndi kansalu, nayang'ana uku, nayang'ana uko, ngati munthu wofunafuna pamene tauniyo yabisala.

"So apa ndiye pamene msewu usilila?" anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Ku Lusaka tikamba ati Feira ni kwamene basi itembenukila."

Ndinawaphera mbuzi yochokera ku Mburuma, ndinawaotchera mcheni wonona, ndinawaikira masau m'mbale. Anadya ndi nsonga za zala. Madzi athu sanawakhudze n'komwe, anabwera ndi awo a m'mabotolo odzaza kumbuyo kwa galimoto, ngati akupita kuchipululu pomwe akubwera kumene mitsinje iwiri imagundana. Ndinangopirira, chifukwa mwana wanga ankamufuna mnyamatayo, ndipo ine sindinkafuna kumuwonongera banja.

Titamaliza zokambirana ndinati ndiwaonetse chimene kwawo alibe. Ndinawatsitsira kudooko, ndinawalozera: uko ndi Zumbo, Mozambiki ameneyo, uko ndi Kanyemba, Zimbabwe ameneyo, apa mwaima ndi Zambia, maiko atatu m'diso limodzi, popanda kukwera ndege. Ba Chileshe sanayang'ane maiko. Anayang'ana amayi amene ankatunga madzi m'mphepete, kenaka anayamba kuseka mpaka mimba kugwedezeka.

"Manje nadziwa! Manzi yamene tisamba ise ku Lusaka yangena mu Kafue. Kafue yangena mu Zambezi. Zambezi yabwela kuno. So imwe ba tata mukumwa vosamba vathu!" Anapukuta misozi ya chiseko, nawonjeza kuti ukwati ukachitikira ku Lusaka, ndipo kumeneko dzina la Feira lisakatchulidwe, kuopa alendo awo angayambe kumva fungo la nsomba pa mkwatibwi. Akangonena kuti mtsikanayo ndi wa kum'mawa, basi.

Ine sindinayang'ane iwo. Ndinayang'ana Tereza. Ndinkadikira kuti akweze mutu, anene kamawu kamodzi kokha. Anayang'ana zala za kumapazi, ndipo anaseka. Pang'ono pokha, kumbali imodzi ya pakamwa, kuseka kwa munthu wofuna kusangalatsa apongozi. Abale anga, ndalumidwapo ndi ng'ona, ndapondedwapo ndi njovu mpaka kulowa m'nthaka kufika m'khosi, koma palibe chinandipweteka ngati kaseko kameneko.

Ndinalumphira m'bwato, ndinapalasa mwamphamvu mpaka kumbuyo kwanga kunkatuluka fumbi m'malo mwa thovu, ndinafika pamzere paja pamene ndinatungira mwana wanga madzi, ndinaimirira, ndinakweza nkhafi yanga ya mtengo wa mupani, ndinaizika pansi mpaka inaboola mchenga, inaboola dothi, inakagunda thanthwe limene dziko lino linakhalapo, kenaka ndinaipotoza chopingasa monga timatsekera khola la mbuzi, ndi kukuwa kuti: "Ngati ndiwe zosamba za eni, bwerera kwa eni ako!"

Unaima. Mukumva? Zambezi unaima nji! Kumunsi kwa nkhafi kunatsala mchenga wokhawokha, anthu a ku Zumbo anayamba kuwoloka wapansi akutola nsomba m'zitenje, koma kumtunda madzi anaunjikana, nakwera, napitirira mlambe uno, napitirira phiri ilo, nakhala chikhoma chobiriwira chimene ng'ona zinkasuzumiramo ngati anthu a pawindo, ndipo atasowa kolowera anatembenuka, nayamba ulendo wobwerera kumene anachokera, nadutsa pansi pa mlatho wa ku Chirundu chafutambuyo mpaka madalaivala a malole anatsika kukasamba m'maso poganiza kuti mowa wa dzulo sunathe, ena napeza pakamwa pa Kafue, nalowa, nakwera zitunda zonse zija osapuma, napeza mapaipi amene amakoka madzi kupita ku Lusaka, nadzipanikiza momwemo, iwo pamodzi ndi zonse zokhala m'menemo.

Mipopi ya ku Matero, imene inali itauma mpaka akangaude kumangamo nyumba, inaphulika nthawi imodzi. Amayi otsegula mpopi kuti aphike tiyi anapeza ketulo yadzaza matemba. Bwana wina akusamba, mcheni unatuluka pashawa ndi kumuluma khutu. Dziwe losambiramo pahotela ina linadzaza milamba yotalika ngati bwato, azungu ali pamwamba pa matebulo. Ndipo mvuu, inde mvuu, ija yaikazi yong'ambika khutu imene imakhala pafupi ndi chisumbu, inalowa m'paipi, inatalika ngati soseji, inayenda choncho njira yonse, inakatulukira m'bafa la Ba Chileshe ku Kabulonga, ndi kufufumanso mpaka chitseko kuthyoka. Ukuseka chiyani iwe? Kaione lero, m'chiuno mwake mukadali mopyapyala.

Ine ndili pakati pa mtsinje ndinamva foni ikulira kumtunda, chifukwa madzi atasiya kuyenda dziko lonse linangoti zii. Anali akazi a Ba Chileshe. Ndinaona Ba Chileshe akuika foni kukhutu, ndinaona kansalu kaja kakugwa pansi.

"Ba tata!" anakuwa. "Bwezani manzi! Mvuu yadya sopo, manje yankhala pa sofa!"

Koma apa ndi pamene nkhani inasiya kuseketsa. Madzi ochokera ku Kariba sanauzidwe kuti njira yatsekedwa, ankabwerabe, nagundana ndi obwerera, chikhoma chija chinkangokwera, chinayamba kuweramira kumtunda, mthunzi wake unaphimba msika, unaphimba chipatala, unaphimba nyumba yanga ndi manda a mkazi wanga, anthu anayamba kuthawa atanyamula ana, mbuzi zikulira, ndipo m'manja mwanga nkhafi inalira kuti tswa! Ndinayang'ana: mng'alu, woonda ngati ulusi, kuyambira pachigwiriro kutsika. Mapazi anga anali ataboola kale pansi pa bwato. Mapewa ankalira ngati chitseko chakale. Ndinadziwa kuti nkhafiyo ikangothyoka, madzi onsewo agwa kamodzi, ndipo Feira ikapezeka m'nyanja ya mchere pamodzi ndi Tereza amene anali chiimire padooko.

Ba Chileshe anagwada pamchenga wotentha ndi buluku lawo lodula. Anati Feira ndi tauni. Anati ndi mzinda. Anati Lusaka ndi kamudzi chabe kamene kali kumapeto kwa msewu wa ku Feira. Anatsegula botolo lawo, anataya madzi ake, anatunga a m'chithaphwi ndi kumwa ine ndikuona. Koma ine sindinagwire mtsinje chifukwa cha iwo. Mawu a munthu amene ali ndi mvuu pasofa alibe ntchito.

"Tereza!" ndinakuwa. "Kwanu n'kuti?"

Nkhafi inati tswa kachiwiri, mng'alu unafika pakati. Madontho akuluakulu ngati maungu anayamba kugwa kuchokera pamwamba pa chikhoma.

"Tereza, mwana wanga, nena anthu awa amve! Kwanu n'kuti?"

Anatsika padooko. Anayenda pamchenga pamene panali mtsinje, nsomba zikuphiriphitha kumapazi kwake, chikhoma cha madzi chili pamutu pake, osachiyang'ana n'komwe, mpaka anafika pabwato langa. Mtima wanga unati, ndi uyu, magazi anga, abwera kudzanena pafupi kuti ndimve bwino. Anagwira m'mphepete mwa bwato, anandiyang'ana, maso ali ndi misozi, nayankhula motsitsa kuti ena asamve.

"Ababa, mukundichititsa manyazi pamaso pa apongozi. Chonde lekani."

Ine amene ndinagwira Zambezi ndi manja awiri, mawu amenewo ndinalephera kuwagwira. Mphamvu zinangothawa m'mikono. Ndinamukweza m'bwato, ndinayamba kupotoza nkhafi pang'onopang'ono, kutsegula kampata, madzi natuluka mwaulemu ngati ng'ombe zotuluka m'khola imodziimodzi, kuti pasafe munthu. Anabwerera ndi katundu wa ku Lusaka: mapatapata, mapepala apulasitiki, mvuu ija ikununkhira sopo, ndi kondakitala mmodzi wa minibasi amene anadutsa pano akuitanabe anthu okwera. Dzuwa lisanapendeke mtsinje unali m'malo mwake ngati sunachite kanthu. Funso langa lokha ndi limene linatsala lopanda yankho.

Ukwati unachitikira ku Lusaka. Ndinapita, ndinavala jekete, ndinakhala pamene anandikhazika. Woyendetsa mwambo ananena pachimkuzamawu kuti mkwatibwi ndi duwa lochokera kum'mawa, anthu anaomba m'manja, ine ndinamwa madzi a m'botolo osakoma kanthu. Nditabwerera kuno anzanga a padooko ankandiseka kuti Zuze mtsinje anaubweza koma mwana wake anamukanika. Sankanama. Mvula inagwa, inatha, inagwanso, Tereza osaponda kuno. Pafoni ankangofunsa za msana wanga. Ndinayamba kuganiza kuti mwina tsiku lija ndinatunga molakwika, ndinaphonya mzere.

Tsiku lina masana ndili pompano, basi ya ku Lusaka inafika, kondakitala nandiitana kuti, "Mudala Zuze, katundu wanu uyu." Chinali chigubu cha mafuta ophikira, chotsukidwa bwino, chopanda kanthu m'kati, chitsekerero chake atachimangirira ndi kansalu ka chitenje. Ndinachigwedeza, ndinasuzumiramo, ndinati mwina akundiseka. Kondakitala anati, "Mwana wanu ati mudziwa kale. Ati wabala, ni mwamuna, azamuchosa panja pa Sabata. Ati osatapa pa pompi."

Mukumva? Osatunga pampopi! Ndinathamanga kudooko ngati mnyamata, ndinapalasa kukafika pamzere, pamene wofiira akumana ndi wobiriwira, ndipo manja awa, amene anagwira Zambezi wonse, analephera kugwira kachigubu kamodzi mpaka kanandipulumuka kawiri. Ndinalira, sindibisa. Mvuu yong'ambika khutu ija inandiona, mukhoza kukaifunsa.

Ndiye iwe wa tayi, za mvuu ukhoza kukana, za mcheni wa pashawa ukhoza kukana, amene sanaone amakana. Koma ku Kabulonga kuli mdzukulu wa Ba Chileshe amene madzi ake oyamba kusamba anali a pa Feira, ndipo akuti iwo eni ake ndi amene anagwirizira beseni. Chigubu chimene wakhala ukuchikankha ndi nsapatocho ndi chachiwiri. Chinabwera dzulo, wabadwanso wina, wamkazi, ndipo ndatunga m'mawa uno.

Basi yako ndi iyo ikutsika. Uchinyamule, ukhale nacho pamiyendo, osati pansi pamodzi ndi nsomba. Mwamuna wa Tereza akakudikira pasiteshoni. Ukatayako ngakhale dontho limodzi panjira, nkhafi ija ikadalipo, ndinaimanga ndi waya. Ndidzakutumizira mtsinje wonse.