Siponji ya a Klorini

Pa Neno boma pano mukafunsa za a Gerishon Laimoni, ena ayamba akanda kumutu. Koma mungotchula kuti a Klorini, ngakhale mayi wogulitsa manachesi pamsika aseka mpaka kugwira m'nthiti. Bambo amenewo ankadana ndi litsiro kuposa mmene m'busa amadanira ndi Satana. Anagwira ntchito ya zaumoyo zaka makumi atatu, kupalasa njinga mpaka ku Magaleta ndi ku Chifunga, kusuzumira m'zimbudzi za eni ndi kuthira mankhwala m'zitsime. Atapuma pantchito njinga anabweza, koma kabotolo ka klorini kanatsala m'thumba la jekete.

Ine ndine Binwell, telala. Makina anga opalasa ndi miyendo ali pakhonde loyang'anizana ndi nyumba yawo, ndiye zimene ndikunenazi si zongomva. Munthu ameneyu ankapereka moni wa chigongono korona isanabwere n'komwe. Pamaliro anthu akayamba kusamba m'manja m'beseni limodzi, iwo ankaimika dzanja ngati wapolisi wapamsewu.

"Imani! Beseni limodzi, anthu makumi anayi? Mukufuna tibwerenso mawa kudzaika wina?"

Nkhani ya nsomba inayamba chonchi. Dokotala wina wochokera kunja, pobwerera kwawo, anawasiyira thanki lagalasi lokhala ndi nsomba zisanu ndi imodzi zofiirira, pamodzi ndi kamakina kamagetsi kosefa madzi. A Gerishon anamenya pachifuwa ine ndikuona.

"Dokotala, pitani bwino. Ine ndinathamangitsa kolera ku Magaleta. Malinga ndili moyo, nsomba izi palibe imene ife."

Neno yense anathamangira kukaona. Nsomba zosadya, zongoyang'ana! Mzibambo wina wogulitsa mbatatesi anaziyang'anitsitsa, nafunsa ndi mtima wonse ngati zimakoma zokazinga kapena zofutsa. Anatulutsidwa osamaliza funso, ndipo mpando umene anakhalira unapukutidwa.

Kuyambira pamenepo pabalaza panasanduka wodi ya chipatala. M'mawa uliwonse a Gerishon ankavala jekete, kutenga kope, n'kuyendera odwala amene sankadwala n'komwe. Nsomba yaikulu, imene inkathamangitsa zinzake pa chakudya, anaitcha Metironi, ngati mkulu wa anamwino. Magetsi akathima kamakina kaja kankaima, ndipo mawu awo ankadumpha msewu.

"A Binwell! Pampu! Odwala akubanika!"

Ine, munthu wa zidzukulu, kusiya diresi la mkwatibwi pamakina n'kukapopera nsomba mpweya ndi pampu ya njinga. Ndinkadandaula njira yonse, koma ndinkapita.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, nsomba zija zinadwaladi. Zinatuluka timadontho toyera ngati zawazidwa mchere, n'kumadzikanda pamiyala. Ndisaname, a Gerishon maso anawala. Mliri weniweni, m'nyumba mwawo momwe! Anamata pepala pachitseko: ALENDO SAKULOLEDWA. Anatulutsa kabotolo ka mankhwala kamene dokotala uja anasiya, kuwerenga malangizo kanayi, kudonthezera, madzi onse n'kukhala obiriwira. Patatha sabata ziwiri timadontho tonse tinatha, osataya ngakhale imodzi. Tsiku limenelo anazungulira msika wonse akulengeza, ena mpaka anaganiza kuti Prisca, mwana wawo wophunzitsa ku Blantyre, wabereka.

Akanalekera pomwepo, bwenzi ndilibe chokuuzani. Koma mzimu wa zaumoyo unawanong'oneza kuti mliri ukatha, wodi imatsukidwa. Anatsegula kamakina kaja koyamba chilandirireni, ndipo mkati anapeza siponji yoderako, yoterera, yonunkha dambo. Kukuwa kwawo ndinadzibaya ndi singano.

"Amake Prisca! Bwerani mudzaone! Miyezi yonseyi ndakhala nyumba imodzi ndi chinthu ichi?"

Mayi Eliness, akazi awo, anali munthu wosathamanga pa chilichonse. Anabwera, kuyang'ana siponji, kuyang'ana nsomba.

"Bambo a Prisca, nsombazi zakhala nayo bwinobwino siponjiyo. Dokotala uja anati muziichapa ndi mankhwala?"

"Za ukhondo ndikafunse munthu, ine?"

"Chipanda changa cha chambiko munandionapo ndikuchitsuka ndi sopo? Ndikatero mkaka sugwira bwino."

"Chipanda chanu chija ndimangochikhululukira chifukwa cha ukwati."

Abale, siponji ija inaona zakuda. Inachapidwa ndi sopo, inaviikidwa mu klorini tsiku lathunthu, inawiritsidwa, inatsukuluzidwa kasanu ndi kawiri, kenako inayanikidwa pachingwe ndi mapegi awiri. A Gerishon anabwera nayo pakhonde langa ili mbee, kudzandinunkhitsa. Ndinavomereza kuti chinthu choyera chotero sindinachionepo m'boma lino.

Patatha masiku anayi madzi a m'thanki anachita mbuu ngati otsukira mpunga. Nsomba zinakwera pamwamba, kukamwa yasa. Lachinayi inafa imodzi. Loweruka zinafa ziwiri. Lolemba inanso. Zinatsala Metironi ndi kena kakang'ono kamchira wong'ambika. A Gerishon ndinawaona akudutsa mwana akudya mango osatsuka, iwo osaimika dzanja, ndipo apo ndi pamene ndinachita mantha.

Mayi Eliness ndi amene anaimbira Prisca, Prisca n'kulembera dokotala uja pafoni. Yankho litabwera Prisca anaimba, foni ili patebulo, ife atatu titaizungulira.

"Ababa, akuti m'siponjimo mumakhala majeremusi abwino. Ndi amene amadya zoipa zimene nsomba zimatulutsa. Inu mwawapha onse."

"Majeremusi chani?"

"Abwino, ababa."

"Prisca, ndinakutumiza kusukulu kuti uzindiuza zimenezi? Mawa udzanditi kulinso mfiti yabwino!"

"Akuti ngakhale nsomba zitadwala, siponji mumangoifinya pang'ono m'madzi otunga m'thanki momwemo. Sopo ayi, klorini ayi. Panopa muzichotsa madzi pang'ono tsiku lililonse n'kuthiramo a pamjigo, chakudya chochepa, mpaka majeremusiwo abwerere. Mukapanda kutero, ziwirizo zipitanso."

Mayi Eliness sananene kuti safunsa anadya phula. Anangolowa kukhitchini, kubwera ndi chipanda chawo chija, kuchikhazika pakati pa tebulo, n'kubwerera. Ine chiseko chinandigwira pakhosi, ndinanamizira kutsokomola.

A Gerishon anayang'ana chipanda, anayang'ana Metironi akupuma movutika. Kenako anapisa m'thumba, kutulutsa kabotolo ka klorini, n'kukaika pamwamba pa kabati.

"A Binwell," anatero motsitsa mawu, "zaka makumi atatu ndakhala ndikupha majeremusi osawafunsa mayina."

Zimene zinatsatira sindidzaiwala. Munthu amene ankathamangitsa litsiro m'midzi yonse ya Neno anayamba kulidikirira ngati mvula yoyamba. M'mawa uliwonse ndowa kumjigo, kusintha madzi, kusuzumira m'kamakina, kupukusa mutu kuti siponji ikadali yoyera. Sabata yachinayi ndili pakati posoka yunifolomu, ndinangomva chitseko phwa!

"A Binwell! Amake Prisca! Yayamba kuda! Yayamba kuda!"

Anavina pakhonde, jekete ikuuluka, anthu opita kumsika ataima kukamwa pululu. Madzi anayera, ndipo nsomba ziwiri zija zinapulumuka. Chiyambire pamenepo, Loweruka lachiwiri lililonse ankatunga madzi a m'thanki m'kabeseni, kufinyiramo siponji katatu basi, nkhope atayang'ana kumbali, mphuno atakwinya, n'kuibwezera ikadali yoderako. Akatha ankasamba m'manja kwa mphindi khumi. Munthu sasintha zonse.

Anatisiya chaka chatha m'nyengo yozizira, atangodwala masiku ochepa. Pamaliro awo, popanda wolamula, anthu anaima pamzere n'kumathirirana madzi ndi jagi mmodzimmodzi. Beseni palibe anayerekeza kulikhudza.

Tsiku losesa, amayi a kumpingo anagwira nyumba yonse ndi sopo, poti nyumba ya a Klorini sungaisese mwachibwana. Mmodzi wa iwo, mayi Clara, anatsegula kamakina kaja, nakuwa.

"Kalanga ine! Anthu akaona izi adzati chiyani? M'nyumba mwa malemu amenewa?"

Anali akupita nayo ku beseni la thovu. Mayi Eliness, amene masiku onse a maliro sanadzuke pamphasa, ndiponso amene sindinawaonepo akuthamanga, anadumpha, mpango wawo n'kugwa, kukaitsomphola m'manja.

"Siyani! Tsukani makoma, tsukani mipando, chilichonse. Koma ili ndi litsiro lokhalo limene amuna anga analikonda."

Ena anaseka, ena analira, ine ndinachita zonse ziwiri.

Masiku ano pa boma pali zii. Ana akudya mango osatsuka mwaufulu, ndipo palibe woimika dzanja. Ndimawasowa, ndinene poyera, ngakhale ankanditopetsa. Metironi akadali moyo, akuthamangitsabe kamnzake kamchira wong'ambika, ndipo Loweruka lachiwiri lililonse mayi Eliness amafinya siponji katatu, osakwinya mphuno. Magetsi akathima palibenso amene amandikuwira. Ndimangoimitsa makina ndekha, kutenga pampu, n'kuwoloka msewu.